Alipo anafikako ku Machu Picchu? Tithandizeni nzeru abale

Mayi a Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ine ndi bambo akunyumba chaka chamawa tikukwanitsa zaka 25 tili pabanja, ndiye tinagwirizana kuti m'malo mwa phwando tipite ku Peru tikaone mabwinja aja a pamwamba pa phiri, Machu Picchu. Ndalama takhala tikusunga zaka zitatu, bambowo chithunzi chake anachimata pa furiji kalekale moti ana onse anakula akuchiona. Koma pano mantha andigwira, ndikumva zoti kumeneko mpweya ndi wochepa anthu amachita kukomoka, ine ndili ndi zaka 52 komanso bondo lakumanzere limandivuta ndikayenda kwambiri. Amene anafikako atiuze chilungamo chake, ndi zotheka kapena tingosiya?

Eneless:
Asisi musasiye ayi, ndi zotheka. Ine ndinapita mu June 2024 ndi mnzanga wakuntchito ndipo m'gulu lathu munali agogo ena a zaka zoposa 70 anazungulira bwinobwino. Chomwe anthu ambiri sadziwa ndi chakuti vuto la mpweyalo silili pa Machu Picchu penipeni, pamenepo ndi mamita 2,430 basi. Vuto lili ku Cusco, mzinda umene ndege imakutulani mukachoka ku Lima, uko ndi pafupifupi mamita 3,400 ndipo mwachokera pa nyanja pomwe ola limodzi ndi theka lapitalo ndiye thupi limadabwa. Eni ake amati soroche. Mutu umawawa ngati wamangidwa lamba, mtima kuthamanga, chakudya osachifuna, tulo osabwera. Ine tsiku loyamba masitepe a pa hotela ongokwana khumi ndinapumira kawiri. Nzeru yake ndi iyi, mukatsika ndege musagone ku Cusco, pezani galimoto mutsike nayo kuchigwa ku Ollantaytambo komwe ndi chapansi ndithu, pafupifupi 2,800, mugoneko masiku awiri, madzi ambiri, mowa ayi, kuyenda pang'onopang'ono. Cusco mudzaiona pobwerera thupi litazolowera. Komanso musananyamuke kaonaneni ndi adokotala makamaka ngati wina mwa inu ali ndi vuto la mtima kapena BP, alipo mankhwala amene amapereka.

Wa ku Likhubula:
Achemwali anena zoona. Kuti mumvetse bwino mayi, nsonga ya Sapitwa kwathu ku Mulanje ndi mamita 3,002. Ndiye kuti Machu Picchu ali pansi pa Sapitwa, koma Cusco, mzinda wathunthu wa misika ndi masukulu ndi ana akusewera mpira mumsewu, uli pamwamba kuposa Sapitwa ndi mamita 400. Ine zimenezo zinandizunguza mutu tsiku lonse.

Mayi a Tadala:
Eeh abale mzinda pamwamba kuposa Sapitwa! Nanga pokwera kukafika ku mabwinjako timayenda wapansi?

Eneless:
Ayi, njira zilipo zingapo. Ife tinakwera sitima pa Ollantaytambo, imayenda m'mbali mwa mtsinje wa Urubamba pafupifupi maola awiri mpaka katauni kotchedwa Aguas Calientes kamene kali m'munsi mwa phirilo. Makampani a sitima alipo awiri, PeruRail ndi Inca Rail. Mukagona pamenepo m'mawa mumakwera basi imene imakhotakhota kukwera phiri mphindi ngati 30, imakutulani pageti penipeni. Ine ndinalipira madola 24 a basiyo kupita ndi kubwera, tikiti yolowera inali masoles 152, koma mitengo muyang'anenso panthawi yanuyo. Tikiti gulani miyezi ingapo isanafike nthawi chifukwa amawerenga anthu olowa patsiku, ili ndi ola lake lolowera komanso njira yake yoyenda, ndipo mukangoyamba kuyenda palibe kubwerera mmbuyo. Pasipoti musaiwale ku hotela, pageti amaifananitsa ndi tikiti. China chofunika kwa ife azimayi, zimbudzi zili kunja kwa geti kokha, mkati mulibe. Za bondolo musagule tikiti ya Huayna Picchu, kaphiri kosongoka kaja kamaoneka kumbuyo pa chithunzi, masitepe ake ndi oimirira zoopsa.

Chiso Joni:
Koma akuluakulu ine ndinaonera vidiyo pa YouTube akuti miyala imeneyo sanaseme ndi anthu. Taganizani anthu opanda chitsulo, opanda ngolo, opanda kulemba, angadule bwanji mwala wolemera kuposa lole nkuulumikiza ndi unzake osasiya mpata olo wa lezala? Akuti zinabwera zolengedwa zakumwamba. Ine ndikuona ngati pali kenakake pamenepa

Nabanda wa ku Masvingo:
Chiso mwana wanga nkhani imeneyi imandiwawa ndipo ndikuyankha ngati mayi ako. Ine ndinabadwira kuno ku Zimbabwe, agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo Great Zimbabwe ili pafupi ndi pomwe ndimakhala moti alendo akabwera ndi komwe ndimawatengera. Chipupa chake chachikulu chimafika mamita 11 kutalika, miyala yosanja popanda matope kapena simenti, chaima zaka mazanamazana. Mzungu wina Carl Mauch atafikapo mu 1871 anati izi si za anthu akuda, ndi za mfumukazi ya ku Sheba. Akatswiri anabwera nkufukula, David Randall-MacIver mu 1905, Gertrude Caton-Thompson mu 1929, onse anapeza kuti anamanga ndi makolo a anthu akonkuno, komabe boma la Rhodesia linkakanabe mpaka kumapanikiza ogwira ntchito pamalopo kuti asamanene poyera. Ndiye ukamva munthu akuti za ku Peru anamanga ndi zolengedwa zakumwamba, dziwa kuti ndi bodza lomwe lija langovala malaya ena. Bwanji samanena choncho za matchalitchi akuluakulu a ku Ulaya?

Chiso Joni:
Pepani mama sindinaganize mbali imeneyo. Komabe funso langa lilipo, anadula bwanji?

Ankolo Gondwe:
Funso ndi labwino mphwanga, ndipo yankho lake lilipo. Ndinaphunzitsa mbiri ku sekondale zaka zambiri ngakhale ku Peru sindinapondeko. Anamanga ndi anthu otchedwa ma Inca. Mwala ankausema ndi mwala unzake wolimba, kugogoda pang'onopang'ono, kuyesa, kuchotsa, kugogodanso, ndipo zipsera za kugogodako zimaonekabe pa miyalayo. Anali ndi zida za mkuwa wosakaniza, zingwe, mitengo yopendera, ndi zitunda zokokerapo. Koposa zonse anali ndi anthu ambiri ndi nthawi. Ufumu wawo unali ndi dongosolo lotchedwa mit'a, mudzi uliwonse umapereka anthu kukagwira ntchito ya boma kwa nthawi, boma nkumawadyetsa kuchokera m'nkhokwe zake. Anthu a ku Spain atalanda dziko anatenga mit'a yomweyo nkuisandutsa ukapolo m'migodi ya siliva ku Potosí. Ife a ku Malawi tikuidziwa nkhani imeneyi, thangata poyamba kunali kuthandizana kumunda, azungu a maesiteti ndi amene analisandutsa goli.
Machu Picchu anamangidwa cha m'ma 1450 nthawi ya mfumu Pachacuti, akatswiri ambiri amati anali malo a mfumuyo opumulirako ndi kuchitirako miyambo. Sanakhalemo zaka zoposa 100 kwenikweni. Francisco Pizarro wa ku Spain anagwira mfumu yawo Atahualpa ku Cajamarca mu 1532 nkumupha chaka chotsatira, nthomba inali itapululanso kale anthu, ufumu nkugwa. Koma asilikali a ku Spain pamwamba pamenepo sanapagwetse ngati momwe anachitira malo ena, nchifukwa chake pali chilili.
Za kulemba, anali ndi khipu, zingwe zomanga mfundo zosungira mawerengero, ndipo anyamata othamanga otchedwa chaski ankalandizana uthenga m'misewu yoposa makilomita 30,000. Amenewo si anthu osadziwa kanthu.

Wa ku Likhubula:
Ndiwonjezere pa zomwe anena ankolo, Chiso ukadzafika ku Ollantaytambo udzaona wekha miyala ikuluikulu imene inatsalira panjira, anaidula kutsidya kwa mtsinje, anayamba kuikoka, sinafike. Eni ake amaitcha miyala yotopa. Ntchito yosatha ngati imeneyo ndi ya anthu basi, tonse timaidziwa.
Tsono ine ndinayenda wapansi, njira ija amati Inca Trail, ndipo ndikufuna ndinene zomwe zinandikhudza chifukwa si chithunzi chija ayi. Ulendo wake ndi masiku anayi, makilomita pafupifupi 42, kuyambira pamalo amati Km 82. Amalola anthu 500 okha kuyamba patsiku ndipo mwa amenewo oposa theka ndi mapota onyamula katundu, ophika ndi magaidi. Ineyo ndili mnyamata ndinali pota pa phiri la Mulanje zaka zinayi, fizi yanga ya sekondale inachokera pamsana, Likhubula kupita Chambe, Lichenya, Chisepo, ndanyamula zikwama za azungu mpaka mapewa kuchita zikang'a. Ndiye kupezeka ine ndi amene ndanyamula kabotolo ka madzi ndi jekete basi, wina akundinyamulira tenti, mtima sunakhale m'malo ngakhale tsiku limodzi.
Tsiku lachiwiri ndi lowawa kwambiri, mumakwera mpaka pampata wotchedwa Warmiwañusca, mamita 4,215. Ine amene ndinakulira m'phiri ndimayenda masitepe makumi awiri nkuima, befu, m'makutu muli kulira. Pamenepo anandipitirira bambo wina wamkulu ndithu, imvi mbuu m'mphepete mwa chipewa, chimtolo chotalika kuposa mutu wake, silinda ya gasi ikuonekera pamwamba, kuphazi nkhwayira za matayala zenizeni ngati zomwe ankavala agogo anga, zidendene zong'ambikang'ambika, tsaya lili tumbi ndi masamba a coca. Anandiyang'ana nkundipatsa masamba angapo m'manja osalankhula kanthu nkupitirira. Titafika pogona tinapeza matenti aimikidwa kale, supu wapsa, madzi ofunda osamba m'manja ali m'kabeseni pakhomo pa tenti iliyonse, eni ake aima pamzere akutiombera m'manja ife amene sitinanyamule kanthu. Abale misozi inatuluka.
Usiku ndinapita komwe amadyera iwo, kuseri kwa tenti yophikira, atakhala pa zikwama. Chinenero chawo ndi Quechua, chomwe chija ankalankhula ma Inca, ine sindimva iwonso Chingerezi samva, ndiye ndinangotulutsa foni nkuwaonetsa chithunzi changa chakale ndili ndi chikwama pa Chambe. Foni inazungulira onse. Bambo uja anandigwira phewa nkulifinya pomwe pamadutsa lamba, nkugwedeza mutu. Palibe chomwe tinauzana koposa pamenepo.

Eneless:
Achimwene mwandiliza. Ife a pa sitima zimenezi sitiziona nkomwe.

Madala Kamwendo:
Koma man tisachite ngati ndi nkhanza zokhazokha. Anthu amenewo ndi ntchito yawo, mukasiya kupita adya chani? Inuyo mwanena nokha kuti fizi inachokera pomwepo. Komanso ndinamva kuti ku Peru kuli lamulo la mapota, katundu amayezedwa pa sikelo

Wa ku Likhubula:
Madala sindikuti anthu asapite, ine pomwe ndinali pota tsiku lopanda mlendo linali tsiku la njala. Lamulo lilipodi, katundu asapitirire makilo 20 ndipo pa Km 82 sikelo ndinaiona ndi maso anga. Koma amene ananyamulako amadziwa kuti sikelo siili paliponse panjira. Chomwe ndikunena ine ndi chakuti posankha kampani musangothamangira yotchipa, funsani mapota amagona pati, amadya chomwe mukudya inu kapena zotsala, ali ndi majekete ndi nsapato. Mtengo ukatsika kwambiri amene wautsitsa ndi munthu wa pansi uja. Ndipo kangachepe kanu mupatseni m'manja mwake aliyense payekha, mukumuyang'ana, mutafunsa dzina lake. Chinandipweteka kwambiri ndi tsiku lomaliza, timadzuka 3 koloko usiku osati chifukwa cha ife ayi koma kuti mapota apasule matenti athamangire kumunsi kukapeza sitima yawo ya m'mamawa. Ife tikulowa pa Inti Punku, chipata cha dzuwa, kuona mzinda uja ukutuluka mu nkhungu, iwo ali kale pansi ndi mitolo. Gaidi wathu anatiuza kuti ena mwa iwo ayenda njira imeneyo zaka zambiri koma mkati mwa Machu Picchu sanalowemo. Za makolo awo omwe.

Madala Kamwendo:
Apo ndamva. Zoti sanalowemo ndiye zandikhumudwitsa

Ankolo Gondwe:
Ndipo zimenezi zinayamba kale. Mabuku amati Hiram Bingham wa ku yunivesite ya Yale ku America anatulukira Machu Picchu mu July 1911. Koma anamutengera kumeneko ndi mlimi wa m'deralo, Melchor Arteaga, ndipo atafika pamwamba anapeza mabanja akukhala pompo akulima m'minda yakale ija, amene anamuzungulitsa m'mabwinjamo anali kamnyamata ka pabanja limodzi. Pakhoma lina anapezanso dzina la Agustín Lizárraga ndi chaka cha 1902. Ndi chimodzimodzi ife tinkaloweza kuti Livingstone anatulukira nyanja ya Malawi mu 1859 ngati kuti asodzi amene anawapeza pagombe ankawedza mu chiyani. Bingham ndimamupatsa ulemu wake, anadziwitsa dziko lonse, koma anatenganso zinthu zambirimbiri, miphika, mafupa a anthu, kupita nazo ku America, ndipo Peru inalimbana zaka pafupifupi 100 kuti zibwerere. Zinayamba kubwerera mu 2011, pano zina zili ku nyumba yosungiramo zakale ya Casa Concha mu Cusco. Mayi a Tadala mukapiteko kumeneko.

Mlangizi Phalombe:
Ine ndakhala ndikungowerenga koma funso langa ndi la munda. Pa zithunzi ndimaona minda yosanjikizana ngati masitepe paphiri loimirira chonchija, ndipo akuti kumagwa mvula yambiri. Zitheka bwanji zaka 500 osakokoloka? Ife kuno Freddy mu March 2023 anatsitsa phiri usiku umodzi, midzi yathunthu pansi pa miyala ndi matope, ndinataya alimi anga amene ndinkayenda nawo m'minda. Kuyambira pamenepo ndikaona phiri lililonse lokhala anthu ndimaganiza za madzi basi

Wa ku Likhubula:
Pepani kwambiri achimwene, ifenso kwathu napolo ameneyo anatipweteka. Funso lanuli ndi lomwe ndinamuvutitsa nalo gaidi mpaka anzanga kutopa nane. Mvula kumeneko ndi yofika pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka, ngati kwathu komwe kuno kumunsi kwa phiri. Chinsinsi chili pansi pomwe maso saona. Sitepe iliyonse ili ndi khoma la miyala lopendekera pang'ono kuphiri, kuseri kwa khomalo pansi penipeni anaika miyala ikuluikulu, pamwamba pake timiyala tophwanya totsala posema, kenako mchenga, pomaliza dothi lachonde. Ndiye mvula ikagwa sithamanga pamwamba ayi, imalowa pansi nkumatsika pang'onopang'ono sitepe ndi sitepe. Mainjiniya amene anafufuza pamalopo, wina dzina lake Kenneth Wright, anati pafupifupi magawo 60 pa 100 a ntchito yonse ali pansi pa nthaka. M'makoma a nyumba muli timabowo totulutsira madzi toposa 100, mukapanda kuuzidwa mumangodutsa. Ine ndinagwada nkulowetsa dzanja m'kamodzi, munali chinyezi ndi ndere, kakugwirabe ntchito yake mpaka lero.
Ndipo madzi akumwa anawapatula. Anapeza kasupe m'mbali mwa phiri, nkumanga kangalande ka miyala kotalika mamita oposa 700, kakang'ono moti phazi limodzi limadzaza, madzi nkumagwera m'timabafa ta miyala 16 totsatizana kutsika mzinda wonse. Mlomo wake anausema kuti madzi azigwa ngati chingwe, mtsuko ungotchera. Anthu onse anali kalikiliki ndi kujambula kaphiri kaja, ine ndinaima pa madziwo mpaka mlonda anandiuza kuti ndisunthe.

Mlangizi Phalombe:
Ndiye kuti anayamba ndi madzi nyumba pambuyo. Ife timalimbikitsa akalozera ndi vetiva ndi milambala koma pamalo otsetsereka kwambiri sizikwanira, ndipo miyala tili nayo yambirimbiri imene napolo yemweyo anatisiyira m'minda, alimi amangoiunjika pambali. Sindikuti tingakopere zonse, iwo anali ndi anthu masauzande ndi boma lowadyetsa, ife mlimi ali yekha ndi mkazi wake ndi khasu. Koma zoika miyala ndi timiyala kuseri kwa khoma ndikufuna ndiyesere pamunda umodzi wachitsanzo ndi kalabu yanga ina chilimwe chino

Eneless:
A Mlangizi inu mukanasangalala ndi Moray, ndi pafupi ndi Ollantaytambo, minda yozungulira yotsika pansi ngati mbale zolowetsana, pansi ndi pofunda kuposa pamwamba moti ambiri amakhulupirira kuti ankayeserapo mbewu. Ndipo pamsika wa San Pedro ku Cusco mbatatesi zomwe timati kachewere zija ndi kwawo kumeneko, mitundu yake ndi masauzande, zofiirira, zachikasu, zakuda, zopindikapindika, zina zoumitsa ndi chisanu amati chuño zimasungika zaka. Chimanga chawo maso ake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, amachiphika nkukupatsa ndi tchizi. Ali ndi chicha, chakumwa cha chimanga, wina wake ukalawa umakumbuka thobwa wagonera. Mbira amadyanso, amati cuy, ndi ndiwo yaulemu ya pachikondwerero. Asisi simukavutika ndi chakudya.

Nabanda wa ku Masvingo:
Nanga zivomerezi? Ndimamva kuti dziko limenelo limagwedezeka kawirikawiri

Ankolo Gondwe:
Limagwedezeka mayi. Ku Cusco kuli umboni wooneka ndi maso, kachisi wamkulu wa dzuwa wotchedwa Qorikancha anthu a ku Spain anamugwetsa nkumanga tchalitchi cha Santo Domingo pamwamba pa maziko ake. Chivomerezi cha 1950 chinaononga kwambiri tchalitchicho koma makoma a ma Inca apansiwo anatsala chilili. Makoma awo amapendekera mkati, zitseko ndi mawindo ndi zotambalala pansi zopanikiza pamwamba, ndipo poti mulibe simenti miyala imatha kugwedezeka pang'ono nkukhazikikanso m'malo mwake.

Mayi a Tadala:
Abale zikomo, ndawawerengera bambo akunyumba zonse kuyambira pamwamba, pa nkhani ya bambo wa nkhwayira uja anangoti zii. Mantha achepa. Tagwirizana kuti tidzayenda pa sitima chifukwa cha bondoli, tigona Ollantaytambo kaye monga mwanenera asisi. Mwezi wabwino ndi uti? Ukwati wathu unali mu February

Eneless:
February ayi asisi, nyengo yawo ikufanana ndi ya kumudzi, dzinja ndi November mpaka March ndipo February ndiye pachimake moti Inca Trail amaitseka mwezi wonse. Mu January 2010 mtsinje unakokolola njanji anthu anachita kuwatulutsa pa helikopita. Dikirani May kapena September, mvula yochepa komanso anthu sanachuluke ngati June ndi July. Usiku kumazizira kwambiri tengani majuzi enieni, masana dzuwa limawotcha ndiye chipewa, komanso mafuta othamangitsa tizilombo, pamabwinjapo pali timantchentche tating'ono toluma miyendo, ine zipsera zinatha mwezi. Za visa yambani mwafunsa ku ofesi ya kazembe wa Peru msanga musanagule tikiti ya ndege.

Mlangizi Phalombe:
Mayi ndikupempheni kanthu kamodzi. Mukafika mundijambulireko khoma la munda umodzi chapafupi, cham'mbali, muike dzanja lanu pakhomapo kuti ndione kukula kwa miyala ndi kupendekera kwake. Ndi kabowo ka madzi kaja anena achimwene a ku Likhubula. Ndikufuna ndikawaonetse alimi anga

Mayi a Tadala:
Ndalemba m'kabuku kanga a Mlangizi, khoma cham'mbali, dzanja, kabowo ka madzi. Tasankha May. A ku Likhubula mundiuze kuti timabafa 16 tija tili mbali iti kuti pogula tikiti ndisankhe njira yodutsa pomwepo.